Mankhwala Ofiira Olimbana ndi Khansa ya M'magazi

Makolo ambiri amadzidzimuka poona mwana wodwala khansa ya m'magazi akuthothoka tsitsi atangoyamba kulandira mankhwala, ndipo ena amayesa kuti nthenda yakula. Tiyeni timvetse chimene chimachitika m'thupimo.

Mwa mankhwala amphamvu pa nthendayi muli a gulu la anthracycline, monga daunorubicin ndi doxorubicin. Ngofiira, ndipo anachokera ku tizilombo ta m'dothi la ku Italy.

Thupi lathu linamangidwa ndi tizigawo tating'ono totchedwa maselo. M'kati mwa selo muli DNA, ulusi wopota wa nkhosi ziŵiri wosunga malangizo a moyo. Selo likafuna kugaŵikana, ulusiwo umapiringizana. Tsono muli kammisiri, dzina lake topoisomerase II, kamene kamaudula, nkuumasula, nkuulumikizanso. Mankhwalaŵa amadzipanikiza m'kati mwa ulusiwo, nagwira kammisiriko katangodula, kasanalumikize. Ulusi umatsala woduka, ndipo selo limafa. Akatswiri anazindikira zimenezi mu 1984.

Maselo a khansa amaswana kosalekeza, chotero amafa ambiri. Koma a tsitsi ndi a m'kamwa nawonso amaswana msanga. Nchifukwa chake tsitsi limathothoka, zilonda nkutuluka m'kamwa. Tsitsilo limameranso. Mkodzo wofiirira kwa tsiku limodzi kapena aŵiri ndi mtundu wa mankhwalawo.

Chofunika kusamala ndi mtima, pakuti mankhwalaŵa akachuluka amaufooketsa. Madokotala amaŵerengera mlingo wonse umene wodwala walandira chiyambire. Chotero, makolo anzanga, sungani bwino buku la kuchipatala, ndipo musadumphitse tsiku limene adokotala anakuuzani.