Kuchepetsa Dizilo pa Pikapu Popanda Kuwononga Ndalama Zambiri

Ambiri mwa inu mulibe galimoto, koma nonse mumalipira dizilo. Mukachita hayala pikapu yoti itenge mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma, kapena soya ndi mtedza kuchoka kumudzi kufika pa Santhe, gawo lalikulu la ndalama imene mwatchajidwa ndi ya mafuta. Mtengo wa pa pampu umalengezedwa ndi bungwe la MERA ndipo mlimi sangausinthe. Chimene chingasinthidwe ndi kuchuluka kwa dizilo amene galimoto imamwa pa ulendo umodzi. Phunziroli ndi la inu amene muli ndi pikapu, makalabu amene anagula yawo, komanso inu amene mumachita hayala, kuti muzidziwa zokambirana ndi dalaivala.

Yambani mwayeza

Pa munda wathu wophunzirirapo sitinena kuti mbewu iyi yaposa inzake tisanayeze zokolola. Galimoto ndi chimodzimodzi. Dzazani thanki mpaka pampu itadula yokha, lembani nambala ya makilomita imene ili pa mita, kenako gwirani ntchito monga mwa masiku onse. Pobwereranso kukamwetsa, dzazaninso thanki ndi kulemba malita amene alowa komanso nambala yatsopano ya pa mita. Gawani makilomita amene mwayenda ndi malita aja. Mwachitsanzo, ngati mwayenda makilomita 400 ndipo alowa malita 40, galimoto yanu ikuyenda makilomita 10 pa lita. Itafika pa makilomita 11 pa lita, mtunda womwewo ungafune malita 36 ndi pang'ono. Malita pafupifupi anayi pa thanki iliyonse akuoneka ochepa, koma awerengereni nyengo yonse ya msika wa fodya.

Musadalire muvi wa geji ya mafuta chifukwa sulondola. Ndipo sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha zitatu tsiku limodzi simudzadziwa chimene chathandiza.

Matayala

Aliyense amene anapalasapo njinga yamatayala ophwa atanyamula thumba la chimanga akudziwa mmene miyendo imawawira. Injini nayo imavutika chomwecho, ndipo kuvutika kwake ndi dizilo. Mpweya woyenera walembedwa pa kapepala kamene kamamatidwa pakhomo la dalaivala, kapena m'buku la galimoto. Nthawi zambiri pamakhala manambala awiri: ya galimoto yopanda katundu ndi ya galimoto yodzaza, makamaka pa matayala akumbuyo. Gulani kageji kanu koyezera mpweya ndipo muziyeza m'mawa matayala asanatenthe. Kumenya tayala ndi phazi si kuyeza. Kupopa mopitirira muyeso nakonso si nzeru: tayala limatha pakati ndipo siligwira bwino msewu.

Yang'ananinso mmene matayala akutsogolo akuthera. Ngati akudyeka mbali imodzi, mawilo sakuloza kumodzi, ndipo galimoto ikukhala ngati ikukoka tayala chammbali. Misewu yathu yamabampu imayambitsa zimenezi kawirikawiri. Kukonzetsa alayimenti n'kotsika mtengo kuposa tayala limodzi latsopano. Matayala akuluakulu a mano a m'matope amaoneka bwino pa galimoto, koma pa phula amamwetsa mafuta. Amasokonezanso mita ngati ali aakulu kuposa amene galimoto inabwera nawo.

Fumbi ndi utsi wakuda

Msika wa fodya umagwa nthawi imene mvula yatha, misewu ya m'midzi yauma ndipo fumbi lili paliponse. Fumbi lonselo limathera mu fyuluta ya mpweya. Injini ya dizilo imafuna mpweya wambiri kuti iwotche mafuta onse. Fyuluta ikatsekeka, makamaka pa ma pikapu akale a pampu yopanda kompyuta, mphamvu imachepa, dalaivala amaponda moto kwambiri, ndipo ku ekizosi kumatuluka utsi wakuda. Utsi umenewo ndi dizilo amene munalipira koma sanapse bwino.

Tsegulani bokosi la fyuluta sabata iliyonse m'nyengo ya fumbi. Igwedezeni pang'onopang'ono kuti fumbi ligwe, koma musaimenyetse pa tayala kapena kuichapa ndi madzi ngati ili yapepala. Ikang'ambika kapena kuda kwambiri, gulani ina. Ena amaichotsa kapena kuiboola poganiza kuti injini ipume bwino. Musayerekeze. Fumbi likalowa limapala mkati mwa injini ngati mchenga, ndipo ndalama yokonzera injini ingagule mafyuluta a zaka zambiri. Ngati mwaika fyuluta yatsopano koma utsi sukutha, pitani kwa makaniko amene ali ndi makina oyezera manozo ndi pampu, osati wongoyerekeza ndi khutu.

Pali chizolowezi china chofala: galimoto ikayamba kutentha, makaniko amachotsa thermostat n'kunena kuti kuno kumatentha kale, siifunika. Kachipangizo kameneka kamathandiza injini kufika msanga pa kutentha koyenera n'kukhazikika pomwepo. Injini yoyenda ili yozizira imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga. Vuto lenileni limakhala rediyeta yotsekeka, lamba wofooka kapena madzi odontha. Konzani zimenezo, thermostat ibwezeretsedwe.

Zimene zimakoka galimoto m'mbuyo

Mukayenda mtunda pamalo osafuna mabuleki kwambiri, imani ndi kuyandikitsa dzanja pa wilo lililonse mosamala. Limene latentha kuposa anzake ndiye kuti buleki yake ikugwira yokha kapena bering'i yatha. Ngati pikapu yanu ndi ya 4x4, monga ma Hilux ndi Land Cruiser ambiri akale, onani timawilo tapakati pa matayala akutsogolo tolembedwa LOCK ndi FREE. Mukatuluka m'matope kapena mumchenga, bwezerani giya pa 2H ndi timawiloto pa FREE. Ambiri amaiwala mpaka mvula ina.

Mphepo nayo imadya dizilo. Zitsulo zazitali zam'mbali zimathandiza ponyamula mabelo, koma ngati n'zomanga ndi mabawuti, zimasuleni nyengo ikatha. Pakirani katundu motsika, wolemera kufupi ndi mutu wa galimoto, ndipo tenti imangidwe zolimba kuti isamakupize. Chitseko chakumbuyo chizikhala chotseka. Kuchigwetsa sikupulumutsa mafuta monga ena amanenera. Liwiro ndiye nkhani yaikulu. Mphepo imene galimoto imalimbana nayo pa 100 imaposa ya pa 80 ndi theka ndi kupitirira. Pa msewu wa phula wa Kasiya wopita ku Lilongwe phazi limafuna kuponda, koma mphindi zochepa zimene mwapulumutsa mumazilipira pa pampu. Sinthani magiya msanga injini isanalire kwambiri, ndipo mukaima pamzere wodikira kutsitsa katundu, zimitsani injini. Ya turbo ipatseni kamphindi kaye ngati yachoka pa ulendo wautali.

Kutsetsereka injini itazimitsidwa ndi njira imene isachitike n'komwe. Mabuleki ndi chiwongolero zimauma, ndipo kumbuyo kuli katundu, mwinanso anthu.

Zimene musataye nazo ndalama

Mudzakumana ndi ogulitsa maginito omangirira pa paipi ya mafuta, mapilitsi oponya mu thanki, ndi tizipangizo tolumikiza pamalo oyatsira ndudu. Bungwe loona za chilengedwe ku America, la EPA, linayesa zipangizo zoterezi zoposa 100 ndipo silinapeze chimene chimachepetsa mafuta kwenikweni. Wogulitsa akakakamira, muuzeni adikire muyeze thanki ziwiri.

Choopsa kwambiri ndi dizilo wa m'zigubu pa nthawi imene mafuta akusowa. Wina amakhala wosakaniza ndi palafini kapena ali ndi madzi. Dizilo ndi amene amafewetsa mkati mwa pampu ndi manozo, pomwe palafini alibe mafuta okwanira kuchita zimenezo. Mukakakamizika kugula, musefeni ndi nsalu yoyera, ndipo muzikhetsa madzi amene amakhazikika pansi pa fyuluta ya dizilo.

Dizilo pa thumba

Pikapu yambiri imaloledwa kunyamula pafupifupi tani imodzi. Amenewo ndi matumba 20 a feteleza a makilogalamu 50, kapena mabelo khumi ngati belo lililonse likulemera makilogalamu 100. Kupitirira apo masipuling'i ndi matayala zimalipira. Koma kuyenda ndi matumba asanu okha, n'kubwerako chimanjamanja, ndi kutaya kwakukulu kuposa zonse zimene tatchulazi. Malita 20 akanyamula matumba asanu, thumba lililonse ladya malita anayi. Akanyamula matumba 20 popita ndi katundu wina pobwera, thumba limadya lita imodzi kapena kucheperapo. Apa gulu lili ndi mphamvu kuposa makaniko: gwirizanani tsiku limodzi lotumiza zokolola, ndipo galimoto yomweyo ibwereko ndi feteleza, mbewu kapena malata a mamembala.

Tisanakumanenso, gulu lililonse lipeze pikapu imodzi imene mwini wake avomere kugwira nanu ntchito. Yezani thanki yoyamba musanasinthe kalikonse. Kenako konzani mpweya wa matayala wokha, yezani thanki yachiwiri pa maulendo ofanana, ndipo mubwere ndi kope lanu kuti tidzayerekeze manambala a magulu onse.