Dzungu la Pakhonde: Mwambo wa Masika ku America

Mwezi wa Okutobala ukafika ku United States ndi ku Canada, mphepo imayamba kuzizira, masamba a mitengo amafiira nkuyoyoka, ndipo alimi amatsiriza kukolola. Pa nyengo imeneyi mlendo woyenda m'misewu ya kumeneko amadabwa kuona maungu atandandalikidwa pakhonde, pamakwerero ndi pazenera, pambali pa mitolo ya mapesi a chimanga. Ena ndi ofiira, ena oyera, ena amawangamawanga. Eni nyumba sanawaike pamenepo kuti adikire mphika. Anawagula kuti akongoletse pakhomo.

Dzungu si mlendo m'maiko amenewa. Akatswiri anapeza nthanga zake m'phanga la Guilá Naquitz ku Mexico, zimene zinasonyeza kuti anthu anayamba kulilima zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Eni nthaka a ku America ankalibzala m'munda umodzi ndi chimanga ndi nyemba, monga momwe alimi ambiri a ku Malawi amachitira, popeza masamba ake otambalala amaphimba nthaka, nasunga chinyezi.

Mwambo woboola dzungu unachokera kutsidya la nyanja. Anthu a ku Ireland ankasema nkhope pa mizu ya mbewu yotchedwa turnip, naikamo moto usiku wa Halloween, pa 31 Okutobala. Njala imene inayamba mu 1845 itawathamangitsira ku America, anapeza kuti dzungu ndi lalikulu ndiponso losavuta kusema. Mwambowu unakula kotero kuti mu 2013 mzinda wa Keene, ku New Hampshire, unayatsa maungu 30,581 usiku umodzi.

Luso lake si lovuta. Wogula amasankha dzungu lolimba khungu, lopanda bala, limene kamtengo kake ka kumutu sikanathyoke, pakuti pothyoka ndi pamene kuola kumayambira. Dzungu losaboola, likasungidwa pouma ndi pozizira, limatha kukhala miyezi iwiri kapena itatu, mpaka kupyola tsiku la Thanksgiving, Lachinayi lachinayi la Novembala. Koma loboola limafota nkuchita nkhungu pakangopita masiku owerengeka.

Apa ndi pamene pagona vuto. Chikondwerero chikatha, maungu ochuluka amaponyedwa kudzala, kumene amaola mopanda mpweya, natulutsa methane, mpweya umene umaonjezera kutentha kwa dziko. Nchifukwa chake mizinda ina imawasonkhanitsa kuti apangidwe manyowa, ndipo alimi ena amalandira osapakidwa utoto kuti adyetse nkhumba ndi mbuzi.

Wophunzira amene anakulira pa nkhwani wotendera ndi maungu ophika akhoza kuona ngati kuononga. Komabe ayenera kudziwa kuti mitundu yambiri ya maungu osemawa inasankhidwira kukula ndi maonekedwe, ndipo mnofu wake ndi wamadzimadzi. Ngakhale zili choncho, nthanga zake zimakazingidwa nkudyedwa, ndipo banja losamala limazitapa kaye lisanayatse kandulo.