Tisankhe Telesikopu Yotani?

Ku Nyanja ya Chiuta magetsi ndi ochepa, motero usiku nyenyezi zimaoneka zambiri. Asodzi amadziwa Nthanda ndi Mlalang'amba ndi maso okha. Koma pali chida chotithandiza kuona zimene maso sangathe. Dzina lake ndi telesikopu.

Telesikopu imasonkhanitsa kuwala ndi galasi kapena kalilole. Khoka lalikulu limagwira nsomba zambiri. Chimodzimodzi galasi lalikulu limagwira kuwala kwambiri. M'chaka cha 1610, Galileo wa ku Italy anaona miyezi 4 yozungulira dziko la Jupiter. Telesikopu yake inali yaing'ono, yopanda kompyuta.

Lero matelesikopu alipo a mitundu iwiri. Ena timawaloza ndi manja. Ena ali ndi kompyuta: tikasankha dzina la nyenyezi, amatembenuka okha n'kuiloza.

Tiyerekeze kuti sukulu yathu kuno ku Mecanhelas yasonkha ndalama zogulira telesikopu. Tisanagule, tidzifunse mafunso atatu.

Loyamba: kodi galasi lake ndi lalikulu bwanji? Kukula kwake amalemba m'mamilimita, monga 100 kapena 150. Pa mtengo umodzimodzi, telesikopu ya kompyuta kawirikawiri imakhala ndi galasi locheperapo, chifukwa ndalama zina zapita ku makina.

Lachiwiri: kodi moto tidzaupeza kuti? Ya kompyuta imadya mabatire. Akatha, kompyuta imaleka kugwira ntchito. Ngati tilibe sola, tidzagula mabatire mpaka liti?

Lachitatu: kodi tidzatha kuigwiritsa ntchito? Matelesikopu ambiri a kompyuta amafuna kuti tiyambe tawauza tsiku, nthawi ndi malo. Malo athu ali pafupifupi madigiri 15 kummwera kwa Ikweta. Kenaka timawalozetsa nyenyezi zowala ziwiri kapena zitatu. Zonsezi zimafuna munthu wodziwa kuwerenga mawu ndi manambala.

Choncho kwa ife oyamba kumene, telesikopu ya manja ya galasi lalikulu ndiyo yoyenera. Siivuta kusamala, ndipo imatiphunzitsa thambo. Ya kompyuta tingadzagule mtsogolo, titapeza sola ndiponso titazolowera manambala.

Tiisunge pouma, pakuti mame a kunyanja amaononga galasi. Nthawi yabwino yoonera ndi Juni ndi Julayi, mvula itatha, utsi wa lupsa usanachuluke.

Chenjezo: tisayang'ane dzuwa ndi telesikopu ngakhale kamodzi. Limaotcha diso, munthu n'kuchita khungu. Tiwauzenso ana athu.