Kodi Masamba a Mitengo Yathu ya Zipatso Amachizadi?

Makolo athu ankawiritsa masamba a mfula ndi a mpoza pofuna kuletsa kutsekula m'mimba, pomwe a mlambe ankawaphika ngati therere. Nanga akatswiri a sayansi akutinji?

Pofufuza, iwo amaumitsa masamba, kuwasinja ndi kuwaviika kuti mphamvu yake isungunuke. Madziwo amayamba kuwayesa pa tizilombo toyambitsa matenda, kenaka pa makoswe, ndipo pomaliza pa anthu odzipereka. M'masamba a mfula anapezamo tannin, amene amachepetsa madzi otayika m'matumbo. A mlambe ali ndi calcium wolimbitsa mafupa.

Komabe tsamba likapha tizilombo m'botolo silinafike pokhala mankhwala, pakuti mlingo wake uyenera kudziwika. Mu 1999 madokotala a pa chilumba cha Guadeloupe anaona kuti odwala ambiri a matenda ena oumitsa ziwalo ankamwa kawirikawiri tiyi wa masamba a mitengo yapachibale ndi mpoza.

Tsono abale ndi alongo, tisamale mitengo imeneyi, koma mwana akatsekula m'mimba timpatse ORS ndi kuthamangira naye kuchipatala. Amene tikumwa ma ARV tisawasiye chifukwa cha masamba.