DEMO: NYIMBO ISANAVALE ZA PA SABATA

Anzanga nonse, makamaka inu a kwaya ndi inu okonda kupeka nyimbo pa buleki, lero ndikufuna tikambe za chinthu chotchedwa demo.

Nyimbo zomwe timakabenetsa pa memore khadi mu Msika wa Nkhata Bay zimakhala zophikaphika kale: ng'oma, gitala, kiyibodi, zonse zili m'malo mwake. Koma nyimbo sibadwa chonchi ayi. Woyimba akangoipeka amayamba waijambula mwachangu, mawu ake ndi chida chimodzi basi, kuti asaiwale komanso kuti akamvetse anzake a bandi kapena mwini situdiyo. Imeneyo ndiye demo. Tinene kuti ili ngati rafu ya chimangirizo musanakopere mu kope labwino.

Ndiye rafu n'kukhala ya phindu? Tamvani izi. Bruce Springsteen ndi katswiri wa nyimbo za rock wa ku America. Mu Januwale 1982 anakhala m'chipinda kunyumba kwake ku New Jersey, ndi gitala ndi kamakina kojambulira pa kaseti, n'kujambula nyimbo zake zatsopano. Cholinga chinali choti bandi yake, E Street Band, iziphunzire. Atalowa mu situdiyo n'kuziyimba onse pamodzi, zambiri zinataya kukoma. Nyimbozo zinali za anthu osauka ndi osowa pogwira, ndiye phokoso la bandi linkaphimba chisoni chake. Mapeto ake anangotulutsa za pa kaseti ija momwe zinalili, chimbale chotchedwa Nebraska, chaka chomwecho. Nyimbo ina ya nthawi yomweyo, Born in the U.S.A., inafunadi bandi. Anaisunga, ndipo inatuluka mu 1984 ili ndi ng'oma zamphamvu n'kugwedeza dziko lonse. Mwaona? Demo imakuuza chomwe nyimbo ikufuna.

Demo imasunganso mawu a munthu. John Lennon wa gulu la The Beatles anaphedwa mu 1980, koma anasiya kaseti yomwe anajambula kunyumba akuyimba ndi piyano. Anzake otsala anayeretsa mawuwo ndi kompyuta, ndipo nyimbo ya Now and Then inatuluka mu 2023, patatha zaka 43 mwini wake atamwalira. Kasetiyo akanaitaya bwenzi kulibe kanthu.

Mwina mukuti izi n'za azungu. Ayi ndithu, chitsanzo china n'cha pakhomo pompano. A Gasper Nali a kuno ku Nkhata Bay amayimba babatoni wodzipangira okha, wa chingwe chimodzi ndi ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, womenya ndi kamtengo uku akuyendetsa botolo pa chingwecho. Dziko linayamba kuwadziwa ndi kakanema wamba kojambulidwa panja, akuyimba Abale Ndikuwuzeni. Kanemayo anafala pa YouTube ndi Facebook. A Spare Dog Records anawajambula mu situdiyo n'kuwonjezera zida zina, chimbale chinatuluka mu 2015, ndipo pambuyo pake anakayimba mpaka ku Ulaya. Situdiyo inabwera pambuyo. Choyamba chinali nyimbo.

Nanga ife tidikirirenji ndalama za situdiyo? Foni ya achimwene kapena ya asisi ndi yokwanira. Malangizo anga ndi awa:

1. Jambulani pamalo a zii, osati pa msika pomwe ma sipika ndi ma minibasi akupikisana. Chipinda chokhala ndi matiresi ndi makatani chimachepetsa kubwereza kwa mawu.
2. Foni ikhale pafupi ndi pakamwa kusiyana ndi gitala kapena ng'oma, apo ayi mawu amira.
3. Poyamba tchulani dzina lanu, dzina la nyimbo ndi tsiku. Nyimbo ikayamba kuyenda m'mafoni ilibe dzina, wina angoti ndi yake, iwe n'kutsala kukamwa yasa.
4. Sungani malo awiri. Memore khadi imafa osatsanzika.
5. Musafufute yoyamba ngakhale yachiwiri ikome.

Ndipo musachite manyazi tambala akalira pakati pa nyimbo. Ntchito ya demo ndi imodzi: kuonetsa ngati nyimboyo ikukoma popanda zokometsera. Ikapatseni mnzanu woona mtima amve. Mawa lake mukamupeza akuing'ung'udza popita ku mjigo, dziwani kuti muli ndi nyimbo.

Wanu wa Fomu 3