ULENDO WA KU NYIKA, DZIKO LA PAMWAMBA PA MAPIRI

Awerengi athu amene anabadwira kunyanja kapena ku cigwa ca Shire, kumene munthu amagona pakhonde osafunda kanthu, sadzakhulupirira msanga titawauza kuti m'Malawi momwemo muli malo amene udzu umaca m'mawa utayera mbuu ndi cisanu, monga ngati wina wauwaza ufa usiku. Malowo ndiwo Nyika, kumpoto kwa dziko, ndipo nsonga yake yocedwa Nganda iri mapazi oposa 8,500 pamwamba pa nyanja ya mcere.

Wofuna kupitako ayambire pa Rumphi, kumene ayenera kudzaza petulo ndi kugula cakudya, pakuti kumwambako kulibe msika. Msewu upyola pa Bolero kufika pa cipata ca Thazima, ndipo kucokera apo ungokwera, kupyola m'nkhalango za mombo ndi misuku. Mtunda wonse kufika ku Chelinda ndi mailosi pafupifupi 70, koma galimoto imatha maora angapo. Pena msewuwo ulowa m'dziko la Zambia ndi kuturukanso popanda wofunsa ciphaso, cifukwa nalonso dzikolo liri ndi kacigawo kake ka Nyika, kumene kuli nkhalango ya Chowo.

Tsono mitengo imatha mwadzidzidzi. Munthu amangoona zitunda za udzu waufupi zotsatana kufikira kumene maso alekeza, ndi timatsinje m'zigwa, ndi tinkhalango tobiriwira tobisala m'makwawa. M'nkhalango za kumunsi mlendo amasuzumira m'zitsamba tsiku lonse kuti aone nyama imodzi, koma kuno nyama ziribe pobisala. Mbidzi, nchefu, cilembwe ndi mphoyo zimadya poyera, ndipo munthu atha kuziwerenga ali kutsidya kwa cigwa. Anyalugwe aliko ndithu, ngakhale kuti kuwaona nkwamwayi. Njobvu zinaonjezedwa m'caka ca 2017, pamene 34 zinatengedwa pa magalimoto kucokera ku Liwonde. Pa dzinja, makamaka m'January ndi February, zitunda zimadzala maluwa, ndipo a mtundu wa orchid okha alipo mitundu yoposa 200. Cobvuta ncakuti nthawi yomweyo ndiyo imene msewu umaterera koposa.

Ku Chelinda, kumene alendo amagona, kuli madamu atatu okhala ndi nsomba za trout zocokera kunja, ndiponso mitengo ya paini imene bungwe la Colonial Development Corporation linabzala m'zaka za m'ma 1950 poyesa ngati ingapangidwe mapepala. Nchitoyo siinapitirire, koma mitengo inatsala, ndipo mbeu zake zimauluka ndi mphepo nkumamera m'udzu mmene sizifunika. Komabe madzulo cifunga cikatsika, mlendo woothera moto wa nkhuni zake sainenera zoipa mitengoyo.

Alendo ambiri amabwerako akusimba kuti aona dziko lopanda anthu, lokhala monga linalengedwera. Apa ndipo ife tisiyana nawo. Pa thanthwe la Fingira pali phanga limene akatswiri anafukulamo mafupa ndi zida zamiyala za anthu akale lomwe, ndipo pakhoma pake pali zojambula zao. M'mapirimo mukali zotsala za ng'anjo zimene Aphoka ankasungunuliramo citsulo ca makasu. Pa thamanda la Kaulime, kumene lero mbidzi zimamwa, akuluakulu amasimba kuti mukhala njoka yaikuru ya mizimu, ndipo malo otere sakhala ndi mbiri popanda anthu oisunga. Boma linayamba kuteteza kankhalango ka mitengo yofanana ndi mkungudza, imene Azungu amaicha juniper, m'caka ca 1948. M'caka ca 1965 Nyika inakhala nkhalango yoyamba ya mtundu wa National Park m'Malawi, ndipo m'caka ca 1978 malire ake anakuzidwa kotero kuti inaposa zinzake zonse. Pa kukuzako midzi inasamutsidwa, anthu nasiya minda ndi manda a makolo ao m'kati mwa malire. Ana ndi adzukulu ao ndiwo akhala m'mphepete mwa nkhalangoyi lero.

Cotero mlendo akamva za moto wolusa wa m'cilimwe, kapena za misampha, asafulumire kuweruza. Ngakhale maluwa aja ali ndi adani ao, pakuti mizu ya ma orchid ena imakumbidwa ndi kugulitsidwa kukapanga cikanda, cakudya cimene abale athu a ku Zambia acidziwa bwino. Wokumbayo amapeza ndalama ya sopo. Koma citunda cokumbidwa caka ndi caka cimaleka kucita maluwa. Ndipo udzu ukapsa kosalekeza, obvutika si mbidzi zokha. Zitunda izi zimamwa mvula ndi kuiturutsa pang'ono pang'ono caka conse. Mtsinje wa North Rukuru, umene umagwa pa mathithi a Chisanga, umakafika ku Karonga. Wa Wovwe umapukusa makina a magetsi ndi kuthirira mpunga kumunsi. Mlimi wa mpunga amene sanakwerepo ku Nyika amadya za kumeneko osadziwa.

M'caka ca 2023 Boma la Malawi linacita pangano la zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation kuti asamalire pamodzi Nyika ndi Vwaza. Midzi yozungulira ndiyo idzanena ngati panganolo laipindulira.

Amene afuna maluwa apite pa dzinja ndi galimoto yolimba. Ofuna msewu wouma ndi thambo loyera apite pakati pa May ndi October. Koma wopita m'June kapena July atenge jekete ndi mabulangeti awiri.