Nambala ya m'buku la amalume

Anzanga, nkhani yanga mwezi uno ndi ya magazi ndi chimbudzi. Sekani kaye, mukatha muwerenge.

Chaka chatha amalume anga a ku Ulongwe anayamba kuona magazi m'chimbudzi chawo. Poti amakonda kuwedza mu Shire, tonse tinati ndi likodzo basi. Ena anati ndi mudzi. Iwo anakhalira kumwa zitsamba miyezi ingapo. Atawonda mpaka buluku kumangira luzi, anapita kuchipatala ku Balaka, ndipo anawatumiza ku Blantyre. Kumeneko anawapeza ndi khansa ya m'thumbo lalikulu. Anawachita opaleshoni, kudula mbali ya thumbo imene inali ndi chotupa.

Panopa akukhala kwathu kufupi ndi Liwonde, ndipo amene ndimawawerengera buku lawo la kuchipatala ndine. M'bukumo muli zilembo zitatu, CEA, ndipo pambali pake pali nambala. Asanachitidwe opaleshoni inali 18. Patapita miyezi iwiri inali 3. Ndinawaperekeza ulendo umodzi n'kufunsa adokotala tanthauzo lake, kenaka ndinakafunsanso aphunzitsi athu a Biology. Zimene ndinamva ndi izi.

Paja tikamva mawu oti mapuloteni timaganiza za usipa, nyemba ndi soya. Komatu thupi lathu limapanganso mapuloteni akeake ambirimbiri, ndipo ena mwa iwo amaulula matenda. Chitsanzo tonse tikuchidziwa. Akakubaya chala poyeza malungo, kachipangizo kaja sikaona kachilombo ayi. Kamagwira puloteni imene kachilombo ka malungo katulutsa m'magazi, ndiye mzere wachiwiri uja umaoneka. Zili ngati mapazi a mbuzi m'munda: mbuzi sunaione, koma wadziwa kuti inalowa.

CEA ndi phazi lotere. Ndi puloteni imene matumbo a mwana amapanga yambiri akadali m'mimba mwa mayi ake. Munthu akabadwa imachepa kwambiri, moti mwa wamkulu wabwinobwino kawirikawiri siposa 5 pa muyeso wa kulabotale. Koma maselo a khansa ya m'thumbo nthawi zambiri amayambanso kuipanga yochuluka, n'kumaitayira m'magazi. Anaitulukira ndi madokotala awiri a ku Montreal m'dziko la Canada, Phil Gold ndi Samuel Freedman, m'chaka cha 1965.

Ndiye ine ndinafunsa kuti, bwanji osangoyeza aliyense magazi kuti khansayi idziwike msanga? Adokotala anati sizitheka choncho. Choyamba, anthu ena ali ndi khansa koma CEA yawo siikwera, makamaka chotupa chikadali chaching'ono. Chachiwiri, imatha kukwera mwa munthu amene alibe khansa, monga wosuta fodya kapena wodwala chiwindi. Phazi limatha kukhala la mbuzi ya eni yongodutsa. Choncho CEA payokha siingagamule kuti munthu ali ndi khansa.

Ntchito yake yeniyeni ndi ulonda. Amayeza opaleshoni isanachitike kuti adziwe poyambira. Chotupa chikachoka chonse, nambala imatsika pakangopita milungu ingapo. Kenaka amayezabe pakatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse, mpaka zaka zisanu. Ikayamba kukwera ulendo ndi ulendo, madokotala amakayikira kuti khansa yabwerera kapena yafika kuchiwindi, ndipo amamujambula munthuyo ngakhale asanamve kupweteka kulikonse. Apa m'pamene pagona phindu lake: imachenjeza nthawi ikadalipo.

Nanga khansayi amaipeza bwanji poyamba? Pali puloteni inanso imene imathandiza, ija yofiiritsa magazi imene tinaphunzira kuti ndi haemoglobin. Chotupa cha m'thumbo chimakha magazi pang'onopang'ono, ena osaoneka ndi maso. Kuyeza kotchedwa FIT kumafufuza puloteni imeneyi m'kachimbudzi kochepa. Mayiko ngati Britain amatumizira anthu achikulire kabotolo kake kunyumba. Koma kwathu kuno magazi m'chimbudzi amabweranso ndi likodzo la m'matumbo, kamwazi kapena mudzi. N'chifukwa chake chigamulo chimabwera dokotala akalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera m'thumbo, n'kudulako kanyama kokayeza kulabotale. Amalume anadutsa momwemo.

Mwina mukuti awa ndi matenda a azungu kapena a nkhalamba. Ayi ndithu. Bungwe la WHO limati khansa ya m'thumbo lalikulu ndi yachitatu pa makhansa ofala padziko lonse. N'zoona kuti imakonda anthu opitirira zaka 50, koma Chadwick Boseman, uja tinamuonera mu filimu ya Black Panther, anamwalira nayo mu 2020 ali ndi zaka 43 zokha.

Vuto lathu ndi mtunda. Kuyeza kotere sikuchitika pachipatala chaching'ono cha kumudzi. Tsiku la amalume likakwana, ndi kabaza mpaka pa Liwonde, kenaka minibasi kudzera ku Zomba mpaka Blantyre. Ulendo wapitawu amayi anagulitsa mbuzi. Amalume anakana, amvekere, "Ndikupeza bwino ine, mbuziyo isiyeni." Ndinawatsegulira buku lija n'kuwauza kuti, "Amalume, nambalayi imayamba kudziwa inu musanamve kanthu." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa komwe kuli nsapato zawo. Nambala inatuluka 3 yomweyo.

Tsono pempho langa nali. Ambirife kunyumba ndife timawerenga Chingerezi. Ngati muli ndi wodwala, muwerengereni buku lake ndipo mumukumbutse tsiku lobwerera kuchipatala. Ndipo wina akamadandaula za magazi m'chimbudzi, kutsegula m'mimba kosinthana ndi kudzimbidwa kwa milungu yambiri, kuwonda popanda chifukwa kapena kuchepa magazi, musamuseke. Mwina ndi likodzo, ndipo mankhwala ake alipo. Koma akamwa mankhwala osasintha, abwerere akanenenso. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Amalume anachedwa kutsegula chifukwa cha manyazi, mwayi wake chotupa chinali chisanafalikire.

Ulendo wina ndi mwezi wa mawa. Ndikapanda kuoneka m'kalasi tsiku limenelo, mundisungire manotsi.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2